Ma puzzle mukukhoza, koma pa blitz mukungodyedwa: vuto lili pati?

Pali dandaulo lomwe silitha pakati pa osewera chess muno mu Blantyre, kaya ndi ana a sukulu a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ophunzira a ku MUBAS, kapena akuluakulu omwe amasewera pa foni akaweruka ku ntchito ku Limbe. Mawu ake amakhala omwewo: "Akulu, ma puzzle ndikupanga tsiku ndi tsiku, rating ya ma puzzle ikukwera, koma ndikangolowa mu blitz zida zikungopita." Ma puzzle ndi malo a pa bolodi omwe mumapatsidwa kuti mupeze move yabwino kwambiri, ndipo rating ndi nambala yoyeza luso lanu. Ena amafika pogwa ulesi n'kumati mutu wawo ndi wochedwa, chess yothamanga si yawo. Ine zimenezo sindivomereza. Kawirikawiri mutu umakhala uli bwinobwino. Chomwe chasokonekera n'chakuti zomwe munthu akuyeserera sizikukhudzana ndi momwe akugonjera.

Tiyambe taona kuchepa kwa nthawi yomwe tikunenayi. Malinga ndi malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, blitz ndi gemu yomwe aliyense ali ndi mphindi 10 kapena zocheperapo, pomwe rapid ndi yopitirira mphindi 10 koma yosafika 60. Mpikisano wa dziko lonse wa blitz umaseweredwa pa 3+2, kutanthauza mphindi 3 ndi masekondi 2 owonjezera pa move iliyonse. Gemu ikafika ma move 40, ndiye kuti muli ndi masekondi 260 onse pamodzi, omwe ndi 6 ndi theka pa move. Pa 3+0, yomwe achinyamata amaikonda kwambiri, amatsala 4 ndi theka. M'masekondi amenewo simungawerengere njira zitatu mpaka kumapeto. Chinthu mumachiona pompo, apo ayi chakudutsani.

Yambani ndi magemu omwe munagonja

Ntchito yoyamba ndi yosakoma, n'chifukwa chake ambiri amailumpha. Tsegulani magemu 20 omaliza omwe munagonja. Engine, pulogalamu ya kompyuta yowerengera ma move, musaiyatse kaye. Pa gemu iliyonse fufuzani nokha move yomwe zinthu zinatembenukira, ndipo mulembe mu kope chiganizo chimodzi chokha: "ndinasiya bishopu wopanda womuteteza", "sindinaone fork ya hatchi" (fork ndi pomwe chida chimodzi chikuopseza ziwiri nthawi imodzi), "nthawi inatha ndili pamwamba", "anandikola pa move 6". Mukatha ndiye mufunse engine. Pa Lichess, tsamba losewerera chess pa intaneti, engine ya Stockfish imasanthula gemu kwaulere. Koma musatengeke ndi tizolakwa tonse tomwe ikukulozerani. Engine imapereka nambala yoonetsa yemwe ali pamwamba, ndipo pa blitz kusiyana kwa 0.3 kulibe ntchito. Funani pomwe nambala yalumpha ndi 2 kapena 3 nthawi imodzi, chifukwa pamenepo ndi pomwe gemu inafera.

Mukawerenga mizere 20 ija mudzaona kuti simugonja m'njira 20. Ziwiri kapena zitatu ndi zomwe zimangobwerabwera. Zofala kwambiri ndi izi.

"Ndimangotaya chida pa move imodzi"

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, ndipo ma puzzle wamba saligwira n'komwe. Taganizirani: mu puzzle pafupifupi iliyonse wopambana ndinu. Inu ndiye mukuukira, mdani ntchito yake ndi kungoyankha. Mukachita zimenezi miyezi ingapo, maso amazolowera kuthamangira ku mfumu ya mnzanu, n'kuiwala kuti nayenso wakhala pamenepo ndi cholinga. Move yake mumangoitenga ngati chizindikiro choti tsopano musunthe inu.

Vutoli silisankha munthu. Mu Novembala 2006, ku Bonn, Vladimir Kramnik, ali katswiri wa dziko lonse, ankasewera ndi kompyuta ya Deep Fritz. Mu gemu yachiwiri, nthawi ali nayo yokwanira, anasewera 34...Qe3 (mfumukazi kupita pa kabokosi ka e3) maganizo onse ali pa mapulani ake. Kompyuta inayankha 35.Qh7, checkmate, mfumukazi itatetezedwa ndi hatchi yomwe inali pa f8. Panalibe chovuta kuwerengera pamenepo. Kramnik sanangoyang'ana chomwe mdani ankafuna.

Dzanja lisananyamuke, payenera kubwera funso limodzi: wasuntha chiyani, akufuna chiyani? Yang'anani pawiri. Poyamba, chida chomwe chasunthacho chikuloza kuti tsopano. Kenaka, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaiwala, chatsegula chiyani pomwe chachoka. Hatchi ikachoka pa malo, mwina yatsegulira njira bishopu kapena mfumukazi yomwe inabisala kumbuyo kwake. Taikani izi pa bolodi (K ndi mfumu, Q mfumukazi, R rook, B bishopu, N hatchi, popanda chilembo chachikulu ndi pawn, x ndi kudya, + ndi cheki): 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nxe4 4.Qe2 Nf6. Wa zakuda akuona ngati wapulumutsa hatchi yake. Koma pakubwera 5.Nc6+. Cheki ikuchokera kwa mfumukazi ya pa e2, hatchi nayo ikuloza mfumukazi ya pa d8, ndipo ngakhale mutchinge ndi 5...Qe7 hatchi ikuidyera pomwepo. Move 6, mfumukazi yapita.

Chizolowezi china ndi kudziwa nthawi zonse zida zanu zomwe zaima zokha. Misampha yambiri ya pa blitz imayambira pa chida chopanda wochiteteza. Onani 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.c3 Nf6 4.Be2. Pawn ya pa e4 ikuoneka yaulere, ndipo dzanja lothamanga limaidya: 4...Nxe4. Yankho ndi 5.Qa4+, ndipo mukangotchinga cheki, mfumukazi ikudutsa mzere wachinayi wonse kukadya hatchi pa e4. Zinthu ziwiri zinali poyera musanadye pawn ija: hatchi ikanakaima yokha, ndipo njira yochokera ku a4 kukafika kwa mfumu inali yotsegula chifukwa pawn ya d7 inali itachoka.

Chizolowezi chimenechi sichiphunziridwa mkati mwa blitz, chifukwa mulibe mpata. Tsikirani ku 10+5 kapena 15+10 kwa milungu ingapo. Ngati muli ndi mnzanu ndi bolodi, gwirizanani lamulo loti munthu asanasunthe azinena mokweza chomwe mnzake akuopseza: "Achimwene, mukufuna bishopu wanga wa pa c4." Ngati palibe, anene kuti palibe. Masiku oyamba zimaseketsa ndipo gemu imachedwa, koma funso lija limayamba kudzibwerera lokha, kenaka n'kumatenga sekondi imodzi yokha. Pa Lichess sankhaninso ma puzzle a mutu wa hanging piece (chida chopanda wochiteteza) ndi defensive move (move yodziteteza). Ndimalimbikitsanso kutembenuza bolodi nthawi zina, kuti mbali yomwe ikumenyedwa ikhale kumunsi kwanu. Fork yomweyo imaoneka mosiyana ikamabwera kwa inu, ndipo maso ayenera kuidziwa mbali zonse ziwiri.

"Pa puzzle ndimaona, mu gemu sindiona"

Apa pali zifukwa ziwiri. Choyamba n'chodziwikiratu: puzzle imakuuziranitu kuti pali kanthu. Mu gemu palibe wokugwirani paphewa kuti apa imani. Chachiwiri n'chobisika. Mapulogalamu amakupatsani ma puzzle molingana ndi rating yanu, ndiye mukamakwera amanka navuta, mpaka puzzle imodzi kukutengerani mphindi 3. Zimenezo zimanola luso lowerengera, lomwe ndi lofunika pa gemu yaitali. Koma blitz imapambanidwa ndi fork ya ma move awiri yomwe mwaiona pa sekondi yoyamba, ndipo ma puzzle otere munasiya kalekale kuwalandira.

Mu 1973, William Chase ndi Herbert Simon a ku Carnegie Mellon anaonetsa osewera bolodi kwa masekondi 5 okha, kenaka n'kuwauza kuti abwezeretse zida momwe zinalili. Zida zikakhala kuti zachokera mu gemu yeniyeni, katswiri ankakumbukira zambiri kuposa wophunzira. Zikangomwazidwa mwachisawawa, kusiyana kuja kunkatsala pang'ono kutheratu. Katswiri sakumbukira chida chimodzichimodzi; amaona magulu a zida omwe anakumana nawo kambirimbiri. Aliyense amene anaimapo pambali pa akuluakulu osewera bawo pakhonde la golosale akudziwa zimenezi: mkulu amangoyang'ana kamodzi, wadziwa kale dzenje lomwe nkhomo zikathere, wophunzira akali kuwerenga ndi chala.

Ndiye tsikani, ndipo musachite nazo manyazi. Lichess imalola kusankha ma puzzle osavuta, otsika ndi 300 kapena 600 pa rating yanu. Tengani mutu umodzi masiku angapo: checkmate ya move imodzi, ya ma move awiri, fork, pin (chida chomwe chikachoka chachikulu cha kumbuyo kwake chidyedwa), skewer (chachikulu chikathawa cha kumbuyo kwake n'kudyedwa), discovered attack (chida kuchoka n'kutsegulira chinzake njira youkira), checkmate ya pa mzere womaliza. Cholinga n'chakuti yankho lizioneka masekondi 10 asanathe. Mukazolowera mituyi payokhapayokha, isakanizeni, chifukwa mu gemu palibe wokuuzani mutu.

Kubwereza ma puzzle omwewo n'kofunika kuposa kusaka atsopano. Ma grandmaster a ku Sweden, Hans Tikkanen ndi Axel Smith, anatchukitsa njira imeneyi mu 2018: kutenga mulu umodzi wa ma puzzle, kuumaliza m'milungu inayi, kuubwereza m'milungu iwiri, kenaka mlungu umodzi, kumangodula nthawi pakati mpaka mulu wonse uthe tsiku limodzi. Iwo ankanena za ma puzzle mazana ambiri. Kwa munthu wa pa ntchito kapena pa sukulu, 150 kapena 200 ndi okwanira. Ena amati, "Nanga si ndingoloweza mayankho?" Ee, ndipo n'zomwe tikufuna, bola muziloweza chifukwa chake, osati move yokha.

Njira yosadya bandulo ndi iyi. Puzzle iliyonse yomwe mwalephera, ndi malo aliwonse omwe munagonjera mu gemu yanu, jambulani screenshot n'kuika mu foda imodzi pa foni. Pakatha mwezi muli ndi mulu wanuwanu, wochokera pa zofooka zanu zenizeni, woti muziyang'ana muli pa mzere ku banki kapena mukudikira minibasi kuti idzaze. Kwa ine mulu umenewu umaposa wina uliwonse womwe mungapatsidwe ndi munthu.

Tsopano, popeza gemu siikuuzani kuti pali kanthu, phunzirani zizindikiro zomwe bolodi limapereka lokha. Mfumu yomwe ili pa mzere womaliza, ma pawn atatu ali kutsogolo kwake osasuntha, rook imodzi yokha ikulondera. Mfumu ndi mfumukazi pa mzere umodzi kapena diagonal imodzi. Zida ziwiri zikuluzikulu pa timabokosi ta mtundu umodzi, hatchi ili pafupi. Chida chimodzi chomwe chikuteteza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukaona chimodzi mwa izi, kaya ndi kwa mnzanu kapena kwa inu, pamenepo ndi poyenera kuwonongapo masekondi 15. Yang'anani motsatana: ma cheki onse, kenaka zodya zonse, kenaka zoopseza.

Chitsanzo cha chizindikiro chotere: mfumu yakuda ili pa g8, ma pawn pa g7 ndi h7, pawn ya f inachoka, rook ili kutali pa a8. Inu muli ndi hatchi pa g5 ndipo mfumukazi ingathe kufika pa e6. Wosadziwa amayamba kuwerengera, wotchi ikuyenda. Wodziwa dzanja limangoyenda: 1.Qe6+ Kh8 2.Nf7+ Kg8 3.Nh6+, cheki ya zida ziwiri nthawi imodzi, 3...Kh8 4.Qg8+ Rxg8 5.Nf7, checkmate, mfumu yapanikizidwa ndi zida zake zomwe. Mfumu ikathawira ku f8, Qf7 imatha gemu pomwepo. Kupereka mfumukazi pa move 4 palibe amene angakupeze yekha pa masekondi 5. Koma mukakuona kasanu, kakhumi, simudzakuphonyanso, ndipo chomwe chizikudzutsani ndi pawn ya f yomwe palibe.

Pali khalidwe limodzi lomwe limawononga ntchito yonseyi, ndilo kuponya move yoyamba mongoyerekeza. Cheki yaoneka, mwaisewera, pulogalamu yavomera n'kukuyankhirani, ndiye mukupeza move yachiwiri panjira. Mwakhoza, rating yakwera, koma simunaone kanthu. Mu gemu cheki yongoyerekeza imeneyo ndi yomwe imatayitsa bishopu. Musakhudze chida musanaone mzere wonse mpaka pomwe mukudya kapena kupha mfumu, pamodzi ndi yankho labwino kwambiri la mdani.

Nanga Puzzle Rush ya pa Chess.com ndi Puzzle Storm ya pa Lichess? N'zabwino potenthetsa maso musanayambe magemu, komanso poyesa ngati liwiro likukwera. Rush imatha mukalakwa katatu. Storm ndi ya mphindi 3 ndipo kulakwa kulikonse kumakudulani masekondi 10. Koma kuzibwereza kakhumi motsatana pofuna kuswa rekodi kumaphunzitsa kuyerekeza komwe tangokanaku. Kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo pamapeto bwererani ku zomwe mwalephera.

"Ndimakhala pamwamba, koma nthawi imandithera"

Tsegulani chithunzi cha nthawi chomwe Lichess imaonetsa gemu ikatha, muone ma move omwe anadya masekondi ambiri. Nthawi zambiri si pomwe panali nkhondo. Ndi pa move 7 kapena 9, munthu akusankha pakati pa ma move awiri abwino onse. Masekondi 40 omwe apita pamenepo ndi omwe mudzawalire kumapeto.

Chepetsani zosankha. Opening (ndondomeko ya ma move oyamba) imodzi mukakhala ndi zoyera, yankho limodzi la 1.e4, limodzi la 1.d4, ndipo mukhale nazo miyezi ingapo osasinthasintha. Phindu lake si kuthamanga kokha: opening iliyonse ili ndi misampha yakeyake yomwe imabwerabwera, ndiye mumayamba kuizindikira. Pomwe palibe chizindikiro chilichonse, sunthani chida chomwe chaima poipa kuposa zonse, kapena tsegulirani mfumu pothawira ndi h3 kapena h6, n'kupitirira. Mukakhala pamwamba ndi chida, sinthanitsani zida. Bolodi likamachepa, zoti zikudzidzimutseni zimachepanso.

Kenaka yeserani kumaliza. Mfumu ndi mfumukazi zimapha mfumu yokha m'ma move osapitirira 10 mukasewera bwino, mfumu ndi rook osapitirira 16. Ambiri amati amadziwa, koma apatseni masekondi 20 muone: cheki, cheki, cheki, kenaka stalemate, pomwe mdani alibe move yololedwa koma sali pa cheki, gemu n'kuthera draw. Ikani malo amenewa pa bolodi ndi wotchi, mubwereze mpaka dzanja lizichita lokha. Pa nthawi yothinanso, hatchi ya mdani ndi yomwe imaba magemu opambanidwa kale. Kumbukirani kuti hatchi imasintha mtundu wa kabokosi pa move iliyonse. Ngati yaima pa kabokosi koyera, mfumu yanu ili pa kakuda ndipo siili pa cheki, hatchiyo singakupatseni cheki pa move yotsatira. Kudziwa zimenezi kumapulumutsa masekondi omwe mukanawononga mukuwerenga kulumpha kwake konse.

Pophunzira sewerani 3+2 kapena 5+3 m'malo mwa 3+0. Popanda masekondi owonjezera, magemu ambiri amathera pa mpikisano wa zala, ndipo simuphunzirapo za chess. Premove, move yomwe mumaikiratu mdani asanasunthe, igwiritseni ntchito pobwezera kudya komwe kulibe njira ina. Pa Lichess siidya nthawi, pa Chess.com imadya 0.1 ya sekondi. Premove ya mu opening ndi yomwe imapereka mfumukazi kwaulere mdani akasintha move. Ndipo musagonje msanga mdani akatsala ndi masekondi ochepa; dziwaninso kuti nthawi yanu ikatha mdani atatsala ndi mfumu yokha, gemu ndi draw.

Kwa akuluakulu omwe amati zala zawo zinakalamba: Mikhail Tal anapambana mpikisano wa dziko lonse wa blitz mu 1988, ku Saint John m'dziko la Canada, ali ndi zaka 51. Liwiro lenileni lili pa kuzindikira msanga.

Pali mbali ina ya nthawi yomwe ndi yathu kuno. Munthu wakwera minibasi ku Limbe, wayamba 3+0 asanafike pa Chichiri, foni ili m'dzanja limodzi, chikwama pamwendo, kondakitala akuti "ndalama kumbuyoko, bwana", galimoto yagwedezeka, mfumukazi yatera pa kabokosi kolakwika. Pofika pa Ginnery Corner netiweki yazengereza masekondi angapo, wotchi yatha. Gemu imeneyo siikuuzani chilichonse za luso lanu, koma rating yatsika ndipo mtima wawawa. M'minibasi pangani ma puzzle. Pulogalamu ya Lichess ya pa foni imasunga ena oti mupange popanda intaneti. Magemu a rating asungireni pomwe mwakhala pansi, netiweki ili bwino, batire lili ndi moto wokwanira ngakhale magetsi atazima. Ngati zala zimaterereka pokoka zida, sinthani kuti muzidina chida kenaka kabokosi, ndipo yatsani zoti pawn ikafika kumapeto izisanduka mfumukazi yokha.

"Amandikola m'ma move 10 oyamba"

Ili ndi losavuta. Misampha ya mu opening ndi yowerengeka, ndipo anthu amabwereza yomweyomweyo. Wotchuka ndi uwu: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nd4. Pawn ya e5 yasiyidwa dala. Mukaidya ndi 4.Nxe5, pakubwera 4...Qg5, yoloza hatchi ndi pawn ya g2 nthawi imodzi. Wadyera amapitiriza 5.Nxf7 Qxg2 6.Rf1 Qxe4+ 7.Be2 Nf3, checkmate. Komatu 4.Nxd4 exd4 5.0-0 imasiya wa zoyera ali bwino popanda vuto lililonse. Simuyenera kuloweza misampha 50. Uliwonse womwe wakugwirani, pezani yankho lake tsiku lomwelo, lembani mu kope. Ndipo munthu akakusiyirani pawn pa move 3 atasewera mofulumira, tayani masekondi 5 kufunsa kuti watero bwanji.

"Pa foni ndimawina, pa bolodi ndimasokonezeka"

Izi zimaoneka munthu akapita koyamba ku mpikisano wokonzedwa pansi pa Chess Association of Malawi, kapena akangokhala pa bolodi lenileni ndi wosewera wakale. Maso omwe anazolowera kabolodi kosalala ka pa foni amasochera zida zikaima, bishopu wakutali atabisika kuseri kwa mfumukazi. Foni imakanizanso move yosaloledwa, imaonetsa move yomaliza ya mdani ndi mtundu wina, ndipo imakuchenjezani za cheki. Pa bolodi zonsezo palibe.

Gawo lina la ma puzzle anu muziliika pa bolodi lenileni, ngakhale asanu okha pa tsiku. Wotchi ya chess ilipo yaulere ya pa foni. Ikani pambali pa bolodi muzolowere kudina. Malamulo omwe amapweteka atsopano ndi awa. Chida chomwe mwakhudza n'chomwe musunthe. Dzanja lomwe lasuntha ndi lomwe lidine wotchi. Mukagwetsa zida, mukonze pa nthawi yanu. Move yosaloledwa yoyamba pa blitz imapatsa mnzanu mphindi imodzi yowonjezera, yachiwiri mwagonja, ndipo kusiya mfumu pa cheki ndi move yosaloledwa. Mnzanu akachita zimenezo musadye mfumu yake. Imitsani wotchi n'kuitana arbiter, woweruza wa mpikisano. Pawn ikafika kumapeto muyenera kuikapo chida chatsopano musanadine wotchi, ndipo rook yotembenuzidwa chadodolido imawerengedwa kuti ndi rook, osati mfumukazi, ngakhale kumudzi kwanu mumatero.

"Ndikagonja kamodzi ndimagonja kasanu"

Onani nthawi zomwe magemu 20 aja anaseweredwa. Ngati ambiri ndi otsatana, usiku, pakati pake popanda ndi mphindi imodzi yomwe, vuto si ma tactics. Munthu wokwiya amasiya kufunsa chomwe mdani akufuna, chifukwa akufuna kubweza. Dziikireni malire musanayambe: magemu asanu, kapena kugonja kawiri motsatana, foni pansi. Batani la rematch lisiyeni.

Mwezi ukatha

Musaweruze ndi rating ya mlungu umodzi, chifukwa imakwera n'kutsika ngakhale luso lisanasinthe. Tengani magemu ena 20 omwe mwagonja, mulembe mizere yatsopano pa tsamba loyang'anizana ndi lakale. Ngati "ndinasiya chida chokha" ikupezekabe kambiri, bwererani ku 15+10 ndi lamulo lonena mokweza lija. Mwina munathamangira ku blitz chizolowezi chisanakhazikike. Ngati yachepa, ndipo m'malo mwake mukulemba kuti "tinafika pa ma pawn okhaokha, sindinadziwe chochita", ndiye kuti vuto lasamuka, ndipo kuwonjezera ma puzzle a fork sikulikhudza. Tengani magemu awiri kapena atatu otere mupite nawo kwa wosewera wokuposani, akuonetseni pomwe mfumu yanu inayenera kuloza. Poyambira ndi mfumu ndi pawn imodzi kulimbana ndi mfumu yokha: mfumu yanu ikafika pa mzere wachisanu ndi chimodzi ili kutsogolo kwa pawn yake, mwapambana kaya asunthe ndani, kupatula ngati pawnyo ndi ya m'mphepete, ya a kapena ya h. Ikani malowo pa bolodi, musewere mbali zonse ziwiri, wotchi ili pa masekondi 30.